Mlendo wa Pampando Wakumbuyo

Mumati zoopsa zimadikira mdima? Senderani kuno ndikuuzeni zomwe zinamuchitikira Berita Alufandika dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala, kuchigwa cha Shire komwe kukatentha ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala kunsi kwa ngolo.

Berita anali mphunzitsi wa pulayimale ku Chilomoni. Makolo awo atamwalira, ndiye analera mlongo wake Zuze, mpaka mwanayo anakula n'kukhala makaniko wodziwika ku Limbe. Zuze sankamwa mowa, sankasuta, za akazi analibe nazo ntchito. Matenda ake anali amodzi basi: liwiro. Anagula galimoto yakale ya ku Jeremani, yakuda, yogona pansi ngati ng'ona. Anaiphwasula injini yonse n'kuimanganso ndi manja ake kwa chaka chathunthu. Ataimaliza, inkati ikalira mawindo a nyumba zoyandikana nazo ankanjenjemera, agalu n'kuthawira kuseri.

Loweruka limenelo linali tsiku la chinkhoswe cha Zuze ndi Filomena, mwana wa ku Ngabu. Amalume awo ndi abale ena anali atatsogola kale Lachisanu pa minibasi. Awiriwa ananyamuka mochedwa chifukwa telala anachedwetsa jekete la mkwati. Pomwe ankatsika mapiri a Chikwawa, 11 koloko inali itadutsa, chonsecho mwambo unkayenera kuyamba 12. Kumbuyo, pansi pa mpando, kunali tambala woyera womangidwa miyendo, woti akasinthane ndi thadzi la kuchikazi.

"Musadandaule, achemwali," anatero Zuze. "Galimoto iyi sidziwa mtunda."

"Bola tikafike mitu ili pakhosi," anayankha Berita, akukoka lamba wake kuti aone ngati wagwira.

Atawoloka mlatho wa Shire n'kudutsa Dyeratu, msewu unawongoka ngati chingwe. Zuze anasintha giya, n'kuponda moto. Berita anamva ngati dzanja lalikulu lamukankhira mumpando. Kamuvi ka sipidi kanadutsa 140, kenaka 160. Mitengo ya magetsi inkabwera motsatizana mpaka inaoneka ngati mpanda. Anthu a njinga onyamula makala ankamva kulirako ali kutali, n'kupatukira m'tchire. Kutsogolo phula linkanyezimira ngati madzi chifukwa cha kutentha.

"Zuze, chepetsa."

"Apa ndiye siinayambe n'komwe kuthamanga, achemwali."

Kamuvi kali pa 180, Berita anaona zobiriwira pamsewu. Anali masamba. Nthambi zaziwisi zinali zitayalidwa pakati pa phula, mulu apa, mulu apo. Ndani m'dziko muno sadziwa tanthauzo lake? Wa njinga amatsika, wovala chipewa amavula, wa galimoto amayenda ngati nkhono mpaka atadutsa masamba omaliza. Berita anayembekezera kuti mlongo wake achotsa phazi. Sanachotse. Anangoluma mano, maso ali kutsogolo, osafuna n'komwe kuyang'ana kumanzere komwe kunali anthu.

Zonse zinadutsa ngati kuphethira. Mtengo wa mtondo, azibambo atasenza bokosi pamapewa akutuluka m'kanjira, azimayi a zitenje pambuyo pawo. Kenaka nthambi zinalira kunsi kwa galimoto, phwaa, n'kuulukira m'mwamba.

"Zuze! Maliro amenewo!"

"Ndawaona mochedwa."

"Wanama. Ine ndawaona tili kutali. Unaleredwa ndi ndani iwe? Bwerera ukapepese."

"Tachedwa kale, achemwali. Anthu akutidikira."

Berita anapukusa mutu n'kuyang'ana panja. Sanafune kukangana ndi munthu pa tsiku la chinkhoswe chake.

Choyamba kuchita zachilendo anali tambala. Chinyamukire ku Blantyre anali phee, koma tsopano anayamba kukupiza mapiko, kudzikoka ndi miyendo yomangidwayo mpaka anadzipanikiza kunsi kwa mpando wa Berita. Berita ankamva kunjenjemera kwake m'zidendene. Sanalire tambalayo. Anangobisala, monga ichitira nkhuku ikaona mthunzi wa kabawi.

Kenaka kabelu ka m'galimoto kanayamba kulira. Ting'i, ting'i, ting'i.

"N'chiyaninso chimenecho?"

Zuze anayang'ana kutsogolo kwa chiwongolero. Kanyali kofiira kanali katayaka.

"Ndi ka lamba," anatero. "Kamalira munthu akakhala osamanga lamba."

"Ine ndamanga. Iwenso wamanga."

Zuze anayang'ananso kanyali kaja.

"Kakusonyeza mpando wakumbuyo. Ndi mawaya chabe, ndikakonza Lolemba."

Berita anafuna kutembenuka kuti aone, koma khosi linakana. Si kuti linauma ayi. Thupi lake lenilenilo linangodziwa kuti kumbuyoko si koyang'ana, monga umadziwira kuti munthu waima pakhomo usanamve kugogoda. Mawindo onse anali otseka, mphepo yozizira ikutuluka m'timabowo take, koma m'galimotomo munalowa fungo la dothi lonyowa, dothi lofukulidwa pansi penipeni, losakanikirana ndi fungo la nsalu yatsopano ya m'sitolo.

Anafika pamalo pomwe msewu unali wotumphuka pang'ono. Galimoto inadumpha, ndipo potera kumbuyo kwake kunakhula pansi, khwee.

"Siichita chonchi," anatero Zuze, ngati akudzilankhulira. "Yalemera."

"Imitsa."

"Tikaima pa Nchalo. Patsala pang'ono."

Koma Nchalo sinkafika. Berita ankaudziwa msewu umenewo kuyambira ali mtsikana. Pa liwiro limenelo, minda ya nzimbe ikanayenera kukhala itaoneka kale. M'malo mwake kunali tchire louma lokhalokha, mbali zonse ziwiri. Anadutsa mlambe wong'ambika pakati, wokhala ndi chulu patsinde pake. Patapita kanthawi anadutsanso mlambe wong'ambika pakati, wokhala ndi chulu patsinde pake. Berita anadziuza kuti milambe imafanana. Atauona kachitatu, anagwira chitseko ndi manja onse awiri.

Anazindikiranso kuti pamsewu panalibe munthu. Loweruka masana, msewu wa ku Nchalo, popanda wa njinga ngakhale mmodzi, popanda minibasi, popanda ng'ombe. Dzuwa linali pomwe lija, koma kuwala kwake kunali kofooka, kwachikasu, ngati kukubwera fumbi.

Apo m'pamene anamva belu la njinga.

Ngiri, ngiri.

Linamveka chapafupi, kuseri kwa khutu lake lakumanja, mkati mwa galimoto. Pamodzi ndi belulo panali kaphokoso kena, tche-tche-tche-tche, komwe limachita tayala la njinga munthu akasiya kupalasa pamtsetse.

"Zuze, ukumva?"

Thukuta linali litanyowetsa kolala ya malaya oyera a Zuze. Berita anamuona akukweza maso kuti ayang'ane pagalasi loonera kumbuyo. Anangoyang'anapo kamodzi. Nkhope yake inachita imvi ngati phulusa. Anatambasula dzanja n'kulipinda galasilo kuti liloze kudenga.

"Waona chiyani?"

"Palibe."

"Zuze, waona chiyani?"

"Achemwali, chonde musandifunse."

Anaponda moto mpaka pansi, ngati munthu wothawa njuchi. Injini inakuwa. Kamuvi kanadutsa 200, kanafika 220. Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwake, galimoto yonse ikuyandama ngati matayala sakugundanso pansi. Mphepo inkalira m'mphepete mwa zitseko. Koma belu lija silinatsalire. Linkalirabe mofatsa, losapupuluma, ngiri, ngiri, ngati la munthu wopempha njira pamsika.

"Utipha! M'dzina la mayi athu, chotsa phazi!"

Zuze anatembenuka n'kumuyang'ana. Misozi inali ikutsika.

"Ndachotsa kale, achemwali. Taonani."

Berita anayang'ana pansi. Mapazi onse awiri a Zuze anali pa buleki, akuponda ndi mphamvu zake zonse. Chopondera moto chinali chitamira chokha mpaka pansi, popanda wochiponda. Zuze anayesa kuchotsa giya, ndodo yake inakana kusuntha. Anapotokola kiyi, injini inapitiriza kulira. Kamuvi kanagunda kumapeto n'kukhala pomwepo.

Kutsogolo, kutali, Berita anaona msewu ukukhota, ndipo pokhotera pake panali kamlatho ka zipilala zoyera. Anadziwa kuti pa liwiro limenelo sakhota.

Pamenepo mantha anamuthera, monga amathera munthu akaona kuti kuthawa kulibe. Berita anali mayi wa kumpingo, wogona m'masiwa ambiri, wosambitsa mitembo ya anzake. Anakumbukira kuti womwalira ndi munthu ndithu, ndipo munthu amalankhulidwa. Anavula nsapato. Anachotsa mpango pakhosi n'kufunda kumutu. Osatembenuka, anaomba m'manja katatu, mwaulemu, mmene amaombera mlendo pofika pamudzi wa eni.

"Pepani, bambo," anatero. "Sitikukudziwani dzina, koma tikudziwa kuti tili nanu. Talakwa. Tadutsa pa mwambo wanu ngati nyama zakutchire. Mwanayu ndinamulera ndine, ngati sanaphunzire ulemu wolakwa ndine. Koma kwanu akukudikirani. Anthu asenza bokosi padzuwa. Tiloleni tikutuleni."

Belu linasiya kulira.

Kwa kanthawi kochepa m'galimotomo munangomveka injini yokha. Kenaka Berita anamva mpweya pakhosi pake, wozizira, wautali, ngati wa munthu wotopa amene wakhala pansi pambuyo pa ulendo. Chopondera moto chinadzuka chokha. Kamuvi kanayamba kutsika. 190. 150. 100. Mabuleki anagwira, matayala analira, ndipo galimoto inaima m'mphepete mwa msewu, utsi wa mphira ukufuka.

Kamlatho ka zipilala zoyera kanalibepo. Msewu unali wowongoka monga kale. Mayi wina anawadutsa pa njinga atabereka mwana, akuwayang'ana modabwa. Berita anasuzumira pagalasi la pambali. Mtengo wa mtondo uja unkaoneka bwinobwino kumbuyo kwawo, ndi gulu la anthu pansi pake. Kuthamanga konse kuja, anali asanayende ngakhale mtunda woti munthu n'kutopa nawo wapansi.

Kanyali kofiira kanali chiyakire.

"Tembenuza," anatero Berita.

"Sindingabwerere kumeneko."

"Ndalonjeza. Ukufuna tipite naye kwa apongozi ako?"

"Achemwali, simukudziwa..."

"Chomwe ndikudziwa n'choti tanyamula mwini maliro. Tembenuza, ndipo uyende ngati ukuperekeza nkhalamba."

Zuze anatembenuza galimoto. Inayenda pang'onopang'ono, injini ikung'ung'udza, kumbuyo kutatsika ngati anyamula matumba a simenti. Atafika pa nthambi zomwazika zija, Berita anatsika wopanda nsapato paphula lotentha, n'kuzitola imodziimodzi, kuzibwezera pakati pa msewu. Kenaka anayenda patsogolo pa galimoto mpaka pamtondo.

Bokosi linali pansi. Azibambo omwe analisenza anali ataima patali nalo, manja kumbuyo. Nyimbo zinali zitaleka. Panalibe wolira, panalibe wolankhula. Mkulu wa adzukulu, bambo wamtali wa dothi m'maondo, anabwera kudzakumana naye.

"Mwachita bwino kubwerera, mayi," anatero motsitsa mawu. "Mutangodutsa muja, bokosi linapepuka ngati dengu lopanda kanthu. Anthu asanu ndi mmodzi tinatsala pang'ono kugwa chagada. Kutsegula taopa. Kupitiriza taopanso. Tikakwirire matabwa okha?"

Berita anagwada. "Tabwera naye. Ali kumbuyoko."

Mawuwo anayenda m'gulumo ngati moto wa m'udzu. Ena anabwerera m'mbuyo. Kenaka azimayi anapatuka, ndipo pakati pawo panatuluka mayi wochepa thupi, maso otupa, atagwiriziridwa ndi anzake awiri. Anali mayi ake a malemu. Anawachotsa manja omugwirawo n'kuyenda yekha mpaka pagalimoto. Sanamuyang'ane Zuze, yemwe anali chikhalire pachiwongolero, mutu uli pansi. Anatsegula chitseko chakumbuyo.

Berita anali pafupi, koma ngakhale pamenepo sanayang'ane mkatimo. Anangoona nkhope ya mayiyo. Inafewa, monga imafewera nkhope ya kholo likapeza mwana wosochera.

"Lusiyano," anatero mayiyo. "Tsika, bambo anga. Basi, kwatha. Njinga yako ili kunyumba, mng'ono wako aikonza. Ana ndiwaona ine. Anzako a kabaza abwera onse, taona, akupsa ndi dzuwa. Tsika tizipita."

Palibe chinachitika. Ntchentche zinkalira. Mwana wina anayamba kulira chapatali, amake n'kumutseka pakamwa.

"Lusiyano, usandichititse manyazi pa anthu. Sunandikanirepo uli moyo."

Galimoto inalira, kwii, ngati bedi munthu akamadzuka. Kumbuyo kwake kunakwera, aliyense akuona. Udzu wouma wa m'mbali mwa msewu unagona pang'ono, kuchokera pachitseko kulowera kubokosi, chonsecho kunalibe mphepo. Mkulu wa adzukulu anakodola anzake. Anagwira zogwirira, nati adzutse. Misempha inatuluka m'makosi mwawo. Mmodzi anabuula.

"Wabwerera," anatero mkuluyo.

Azimayi anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa maliro. Berita anaganiza kuti zatha. Anadzuka kuti apepese komaliza, iye ndi mlongo wake azipita.

Koma mayi aja sanachoke pagalimoto. Anaika dzanja pa boneti yotentha, n'kulisiya pomwepo.

"Mwana wanga," anatero, akulankhula ndi Zuze kudzera pawindo. "Tatulukani ndikuoneni."

Zuze anatuluka.

"Lachitatu madzulo ndinali kudimba uko," anatero mayiyo, akuloza ndi chibwano. "Lusiyano anali atangotula munthu, akubwerera kunyumba. Galimoto yomwe inamugunda palibe anaiona. Ine ndinangomva kulira kwake, kenaka phokoso la njinga paphula. Kulira kumeneko kwakhala m'makutu mwanga masiku atatu. Lero ndakumvanso."

Anachotsa dzanja pa boneti n'kumuyang'ana m'maso.

"Mwana wanga sankalowa m'nyumba ya munthu asanaodire. Sanakwerepo galimoto ya munthu osaitanidwa. Nanga yanuyi waidziwa bwanji?"

Berita anamva kuzizira kuchokera kumapazi, ngakhale phula linkawotcha. Lachitatu. Lachitatu Zuze anapita ku Ngabu kukasiya zakumwa ndi nsalu za chinkhoswe. Anabwerako osafuna kudya. Lachinayi lonse anatsekera galimoto m'galaja, akugogoda yekha, ndipo iye Berita anaganiza kuti akuipukuta kukonzekera mwambo.

"Zuze," anatero Berita.

Zuze anagwa ndi maondo m'fumbi, jekete latsopano lili m'thupi.

"Ndinkayesa mbuzi," anatero. Kenaka anapukusa mutu mwamphamvu. "Ayi. Ndikunama. Ndinaona pagalasi. Ndinaona tayala la njinga likuzungulira m'mwamba. Ndinaopa, mayi. Ndinaopa kuti anthu andipha. Ndinathawa."

M'gulumo munadzuka phokoso ngati la njuchi. Anyamata a kabaza anayamba kusendera. Wina anatola mwala, wina anasolola khasu m'manja mwa mdzukulu. Berita anathamanga n'kuima pakati, manja atatambasula, osadziwa kuti akuteteza mwana amene anamulera kapena munthu amene sankamudziwa n'komwe.

"Ikani pansi!" anakuwa mayi aja. Mawu awo anali aakulu kuposa thupi lawo. "Ikani pansi, ndati! Lusiyano akanafuna magazi, bwenzi awiriwa ali m'dzenje pano. Anali nawo m'manja. Wawabweretsa amoyo. Inu ndinu ndani kuti mupose mwini wake?"

Mwala unagwa pansi. Khasu linatsika.

Mayiyo anatembenukira kwa mkulu wa adzukulu. "Mmodzi achoke pabokosipo. Uyu anyamule. Anamusiya pamsewu ngati galu, lero amufikitse. Za kupolisi tikamba dothi likatha."

Bambo wina wa kutsogolo anapatuka. Zuze anadzuka, napita pamalopo, n'kuika phewa lake pansi pa bokosi. Atalidzutsa, Berita anaona mlongo wake akupindika, ngati kulemera konse kwatsamira mbali yake yokha. Koma sanagwe. Nyimbo inayambanso, gulu linawoloka msewu n'kulowa m'kanjira ka kumanda. Galimoto inatsala pamtondo, zitseko zili pululu.

Berita anabwereka chitenje kwa mayi wina n'kumanga pamwamba pa diresi lake la chinkhoswe. Akuti azitsatira, foni inalira m'chikwama. Anali amalume.

"Berita, muli pati kodi? Akuchikazi akhala kale pamphasa. Filomena wafunsa kawiri. Tiwauze chiyani anthuwa?"

Berita anayang'ana bokosi likulowa m'mitengo, ndi jekete la mlongo wake litada ndi fumbi kumsana.

"Apepeseni, amalume. Auzeni asadikire. Tili pamaliro."

"Pamaliro? Lero? Maliro a ndani?"

Berita anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje cha eni.

"Athu," anatero, n'kuthimitsa foni.